Galimoto Yolembedwa Dzina la Malemu

M'chipinda mwathu, kuseri kwa chitseko, muli thirankhi yachitsulo imene ndinagula ndi malipiro anga oyamba. Mmenemo muli pepala lililonse limene linakhalapo langa: kalata yondilemba ntchito, makadi a ubatizo a ana athu asanu, lisiti ya malata a nyumba ino, ngakhale kapepala ka tsiku limene anandizula dzino. Ndinali kalaliki wosunga mafayelo pa sukulu ina ya sekondale muno mu Chipata kwa zaka makumi atatu, ndipo palibe mkulu wa sukulu amene anandipemphapo pepala ine n'kuyankha kuti latayika. Ndayamba ndi zimenezi kuti wowerenga asandiyese munthu wogula zinthu mwachimbulimbuli. Galimoto imene ndikufuna kusimba ndinaigula ndikuona, cholembera chili m'manja, mboni ziwiri zitakhala pakhonde panga.

Mkazi wanga kwawo ndi tsidya lija la malire, m'mudzi wina kupitirira pang'ono boma la Mchinji. Kumeneko kunali akulu ake, amene anamulera mayi awo atamwalira iye ali wamng'ono. Kale tinkapitako kawiri pachaka. Koma nyonga yake ya kumanzere, polumikizira mwendo ndi chiuno, inayamba kuvuta, ndipo ulendo wa minibasi unasanduka chilango: kupanikizana anthu anayi pampando wa atatu, kutsika pa malire a Mwami, kuyenda pansi pakati pa mathiraki, kukweranso ina tsidya linalo. Ulendo wotsiriza anabwerako n'kugona sabata yathunthu. Zaka zitatu zinatha osaonana ndi akulu akewo, amene nawonso anali atasiya maulendo chifukwa cha maso. Tsiku limene ndinalandira penshoni ndinamuuza kuti, "Amayi, minibasi mwatsanzikana nayo. Ndidzakutengani pakhomo pano muli chikhalire, n'kukakutsitsani pakhomo pa alamu anga muli chikhalire."

Anangoseka. "Tidzaona, abambo."

Galimotoyo ndinkaidziwa kale. Inali ya bambo wina wa ku Chiparamba, wogula mtedza ndi thonje kwa alimi, amene pa zikondwerero zikuluzikulu ankabwera nayo ku Misa m'tauni. Inali ya ku Jeremani, yaitali, yobiriwira moderako ngati tsamba la mango lokhwima, mipando yachikopa, kutsogolo kwa dalaivala kuli thabwa lenileni lonyezimira. Inali yakale, inafika m'dziko muno itatumikira kale anthu ena kunja, koma chitseko chake chinkatsekeka mofatsa ngati buku lalikulu la pa guwa. Mwini wakeyo anandinyamulapo kamodzi pochokera ku maliro. Msewu unali wokumbika, koma ine sindinamve dzenje ngakhale limodzi. Ulendo wonsewo ndinkaganiza za nyonga ya mkazi wanga.

Bamboyo anamwalira nthawi yokolola. Patapita miyezi iwiri, galimotoyo inaima pa geti panga. Munatuluka mphwake, mwana wa mlongo wake, mwamuna wa zaka ngati makumi anayi, atavala jekete yachikopa dzuwa likutentha. Anali atamva kuti ndikufunafuna galimoto.

"Madala, motoka iyi si ya munthu wamba," anatero akusisita denga lake. "Amalume anaisiya m'manja mwanga, koma ine ndine wa m'misika, ndingoipha ndi matumba a makala. Ikufuna munthu wa tayi ngati inu."

"Ndi yanu kodi?"

"Ndine mphwawo. Mukufunsanso?"

Sindinafunsenso, ndipo apa m'pamene ndinagwera. Ine ndinakula m'mudzi mmene mwana wa mlongo ndiye amalowa m'malo mwa amalume ake. Amalume anga atamwalira, njinga yawo ndi wailesi zinabwera kwa ine, ana awo akuona, ndipo palibe anadandaula. Choncho mawu akuti mphwawo anandilowa ngati chidindo. Koma mwambo womwewo uli ndi mbali ina imene ndinkaidziwa bwino lomwe: katundu wa womwalira sagawidwa, sagulitsidwa, satuluka pakhomo mpaka abale atasonkhananso kudzamaliza maliro, zimene masiku ano ife Akatolika timachita pa tsiku lodalitsa chiliza cha pamanda. Ineyo njinga ija ndinaidikira chaka chathunthu. Tsiku limenelo ndinakumbukira mbali imene inkandikomera, inayo n'kuiiwala.

Kalata ya mgwirizano ndinalemba ndekha, makope atatu. Ndinakopera nambala ya injini ndi ya chasisi kuchokera pa chitsulo penipeni, ndikuunika ndi tochi, n'kuzifananitsa ndi za mu waitibuku, chikalata cha boma chosonyeza mwini galimoto. Zinagwirizana. Mboni zinasaina, mphwayo anasaina, ine ndinasaina.

Atapita, ndinasesa m'galimotomo ndekha. M'kabokosi ka kutsogolo kwa mpando ndi m'matumba a zitseko ndinapeza tinthu ta malemu: korona ya mikanda yakuda yoduka pamodzi, magalasi owerengera, chipeso, khadi la kuchipatala, ndi kapepala kong'ambidwa m'kope kolembedwa ndi dzanja lawo: sopo, mchere, ulusi wakuda, mankhwala a mutu a amayi. Ndinalemba zonse pa mndandanda, n'kuziika mu envulopu yakhaki, n'kumata. Sizinali zanga. Sindinazigule.

Lolemba lotsatira ndinapita ku ofesi yolembetsa magalimoto kuti dzina lisinthidwe. Mtsikana wa pawindo anatsegula fayelo yanga n'kuyamikira kuti sanaonepo mapepala osanjidwa bwino chotero. Kenaka anandibwezera.

"Atate, amene wakugulitsaniyu ndani?"

"Mphwawo wa malemu."

"Mphwa ife sitimudziwa. Tikufuna siginecha ya amene khoti linamusankha kuyang'anira chuma cha masiye, ndi kalata ya khotilo."

Ndinamufotokozera mwambo wathu. Anamvetsera mwaulemu, n'kunena kuti agogo akenso amatero, koma pa fomu palibe malo olembapo mwambo. Ndinapita ku khoti laling'ono kukafunsa. Amene anasankhidwa anali mkazi wa malemu.

Ku Chiparamba ndinapita ndi galimoto yomweyo, ndipo kumeneko kunali kulakwa kwachiwiri. Mayiyo anali pabwalo akusenda mtedza m'lichero, atavala zakuda. Atamva kulira kwa injini anaimirira, mtedza n'kutayikira pansi. Ndinaona nkhope yawo pamene anazindikira kuti wotuluka m'galimotomo ndi munthu wina. Anandipatsa mpando, tinalonjerana, ndinapepesa maliro, kenaka ndinatulutsa fayelo.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. "Abambo, mwamuna wanga sanathe ngakhale miyezi itatu m'manda. Galimotoyi inachoka pano ine ndili kumunda. Palibe amene anandiuza. Lero mwabwera nayo kuti ndisaine kuti ndinagulitsa?"

"Amayi, ine ndinagula moona mtima. Mapepala ndi awa."

"Mapepala ndikuwadziwa. Sabata ya maliro anandibweretsera pepala m'nyumba umo, ndili pamphasa, maso atatupa. Anati ndi la bokosi. Ndinasaina. Linali la chigayo. Chigayo chija mukuchiona apo?"

Ndinayang'ana kumene analoza. Panali kanyumba ka njerwa kopanda chitseko, mkati muli simenti yokha ndi mabowo anayi a mabawuti.

"Kuyambira tsiku limenelo dzanja ili silisaina kanthu. Chiliza chikadzadalitsidwa, abale onse atakhala pansi, tidzakambirana za katundu. Osati lero."

Apa ndinakumbukira envulopu ija. Ndinaitulutsa, n'kuwauza kuti muli tinthu ta malemu ta m'galimoto. Anatambasula dzanja. Koma ine, monga ndachitira moyo wanga wonse, ndinayamba ndawapatsa kapepala kena ndi cholembera, kuti asaine kuti alandira. Sindinaganize n'komwe. Pa sukulu paja sindinaperekepo ngakhale bokosi la choko popanda siginecha.

Anayang'ana kapepalako, n'kuyang'ana ine, n'kubweza dzanja lawo pachifuwa.

"Ndanena kuti sindisaina."

"Ndi kongosonyeza kuti mwalandira, amayi."

"Ndiye sindinalandire."

Ndinabwezera envulopuyo m'chikwama. Ndinabwerera kunyumba nditakwiya, ndikudziuza kuti mayiyo ndi wouma mutu.

Mkwiyo womwewo ndi umene unanditengera pa Mwami patapita milungu iwiri. Ndinati pepala losainidwa ndi mboni ziwiri ndi pepala, aliyense wodziwa ntchito adzaliona. Mkazi wanga anavala chitenje chake chatsopano. M'buti tinaikamo shuga, mafuta ophikira, bulangete la alamu anga ndi nkhuku yomanga miyendo. Kuchokera pakhomo mpaka pa malire sanadandaule nyonga ngakhale kamodzi. Anagona tulo pang'ono, mutu atatsamira chikopa chija, ndipo ine ndinayendetsa pang'onopang'ono ndikumva kuti penshoni yanga yagwira ntchito.

Wa kasitomu anatenga waitibuku, natenga chitupa changa, n'kuziika pamodzi.

"Mwini wake ali kuti?"

"Anamwalira."

"Kalata yake yokulolani kutuluka nayo m'dziko?"

"Ndati anamwalira, mwana wanga. Alemba bwanji?"

"Ndiye galimoto situluka, atate. Inu ndi amayi mutha kudutsa. Iyi ibwerere."

Ndinamuyalira fayelo yonse pa kauntala, tsamba ndi tsamba. Kumbuyo kwanga madalaivala a mathiraki anayamba kung'ung'udza. Wina anati, "Madala, kawerengereni kunyumba baibulo lanulo, ife katundu akuola." Anthu anaseka. Ndinatuluka. Mkazi wanga anali m'galimoto, zenera lotsitsa, akuyang'ana mapiri a kwawo amene ankaoneka bwinobwino kupitirira geti.

"Ndingotsika ndikwere takisi tsidya ilo," anatero.

"Ayi. Ndinalonjeza kukufikitsani pakhomo. Chiliza ndi chaka chino chomwe. Tidikire."

Anandiyang'ana, n'kukweza zenera. Nkhuku ija tinadya Lamulungu.

Chiliza sichinamangidwe chaka chimenecho. Ana a malemu ankafuna mwala wa m'tauni, abale a kuchikazi kwa malemu ankati iwo ndiwo eni manda ndipo sanafunsidwe, mvula inagwa, nkhani n'kuima. Chaka chachiwiri anakangananso. Mwezi uliwonse ndinkalembera mayi aja kalata yaulemu yofunsa tsiku, n'kusunga kope. Makope amenewo alipo khumi ndi asanu ndi anayi. Yankho silinabwere ngakhale limodzi. Mphwa uja ndinamufunafuna kuti atenge galimoto yake. Anali atasamukira ku migodi, ndipo foni yake inkangolira.

Tsono tamverani chimene chimandiwawa mpaka lero. Msonkho wa pamsewu ankalandira. Inshuwalansi ankalandira. Ndikapita pawindo, palibe ankafunsa kuti mwini wake ali kuti. Ankadinda pepala m'dzina la munthu amene ali m'manda, n'kundipatsa ine wamoyo kuti ndikamate pa galasi. Wakufa ankaloledwa kulipira. Chimene sankaloledwa ndi kugulitsa. Ndinalemba kalata yodandaula ya masamba atatu yofotokoza zimenezi. Kope lake lili m'thirankhi.

Galimoto nayo inayamba kuonetsa ukalamba wake. M'mawa wina ndinaipeza itakhala pansi kumbuyo ngati galu, matayala atalowa m'thupi. Makaniko wanga, bambo wa imvi amene wakonza magalimoto a ku Japani muno kuyambira ndili mnyamata, anagona pansi pake, n'kutuluka akupukusa mutu.

"Akalaliki, iyi ilibe masipuling'i. Imakhalira matumba a mphepo. Ndiye chifukwa chake simumamva mabampu. Thumba limodzi laphulika, linalo likutsatira."

"Muikemo ena."

"Ndiwatenge kuti? Muno mulibe. Komanso mukaika, ifuna kompyuta yoti iiuze kuti yachira. Motoka iyi ili ndi nzeru kuposa ine ndi inu. Wodziwa kuyankhula nayo ali ku Lilongwe. Ndi pafupi, mupite m'mawa, madzulo mwabwerako."

"Singadutse pa Mwami."

Anakhala pa tayala lakale n'kuseka mpaka kutsokomola. "Ndiye mwagula mlendo wopanda chitupa, akalaliki. Kwawo sangabwerere, kuchipatala sangapite."

Ku Lusaka kunali kutali moti sikanafika. Ndinayesa kuigulitsa. Anabwera anthu atatu nthawi zosiyana, aliyense anakhala pampando wachikopa, anasisita thabwa lija, n'kufunsa waitibuku. Akaona dzina, ankafunsa kuti bamboyu ali kuti, ndipo ndikayankha ankatsika mwaulemu. Wina anafuna kuigula kuti aiphwasule agulitse zitsulo. Ndinakana. Kuphwasula chinthu chimene mwalamulo si changa ndi mlandu, ndipo ine sindinaimepo m'khoti. Choncho inangokhala pabwalo, pansi pa mtengo wa mapeyala, itatseka njira ya ku thanki ya madzi. Kuti mkazi wanga akatunge madzi ankaizungulira ndi ndodo yake. Loweruka lililonse ndinkaitsuka ndi kuliza injini kuti batire isafe. Anthu odutsa ankaitchulabe kuti galimoto ya malemu uja wa ku Chiparamba.

M'mwezi wa Juni wa chaka chachitatu kunabwera uthenga kuti alamu anga afooka, sakudya. Ndinapeza mkazi wanga akulongedza kachikwama.

"Amayi, ndamva kuti mwala wagulidwa. Ndi nkhani ya miyezi iwiri basi."

"Akulu anga sadziwa waitibuku, abambo. Sangaidikire."

"Nanga nyongayo?"

"Nyonga ndi yanga. Ndaisunga zaka ziwiri chifukwa cha lonjezo lanu. Lonjezolo lisungeni m'thirankhi, ine ndikupita."

Sananene mokalipa. Ndinamuperekeza pa siteji, ndinamugulira malo awiri m'takisi kuti atambasule mwendo, koma dalaivala anaikamobe munthu wina titangotembenuka. Ine ndinatsala, chifukwa ndinkaopa kuti tsiku la chiliza lingalengezedwe ndili kutali. Anakakhalako milungu itatu. Pobwerera anamutsitsa m'takisi anthu awiri ngati thumba, ndipo anagona masiku khumi. Sanandidzudzule. Anangondiuza kuti akulu ake anamuzindikira ndi mawu, anamugwira kumaso, n'kufunsa kuti, "Nanga alamu ndi galimoto yawo ija ali kuti?"

Uthenga wa ku Chiparamba unabwera mu Ogasiti, wapakamwa, kudzera mwa mayi wina wa mu mphakati wathu wa kutchalitchi. Chiliza chidalitsidwa Loweruka lachiwiri la mwezi wa mawa. Ndipo mayi amasiye aja akuti galimoto ikakhalepo. Inachoka pakhomo mwakuba, ibwerere pakhomo poyera, anthu aione, ndipo pokhapo nkhani ya katundu idzakambidwe.

Ndinapita kwa makaniko. Anaganiza, n'kunena kuti angachotse matumba aja n'kuikamo masipuling'i a galimoto ina imene inagundidwa.

"Idzayenda, koma idzakhala yotsika, ndipo ulemu wonse uja udzatha. Mudzamva mwala uliwonse."

"Ingokafika."

Tinanyamuka m'mawa wa Lowerukalo, ine ndi makanikoyo. Mkazi wanga anatsala. Pa tala inayenda, ikugwedezeka ngati ngolo, magetsi onse a pa dashibodi atayaka, kabelu kena kakulira kosaleka. Titakhotera mu msewu wafumbi tinayenda mwa kamba. Patatsala makilomita ngati awiri, pa kamtsinje kouma, ndinamva kugunda pansi pa mapazi anga. Makaniko anatsika, anasuzumira, n'kundionetsa chala chakuda.

"Sampu yang'ambika. Oyilo yense ali pamchenga. Mukailiza tsopano, injini yapita."

Ndinaima pamenepo nditavala suti yanga ya maliro, fayelo m'khwapa, ndikumva kwaya ikuyamba nyimbo kutali. Mlimi wina amene ankachokera kudimba ndi ngolo anaima. Tinalonjerana. Anaizungulira galimotoyo, anaizindikira, n'kuvula chipewa.

"Iyi ndi ya malemu. Inanyamulapo mkazi wanga kupita kukachira." Anamasula ng'ombe zake ziwiri pa ngolo popanda kupemphedwa.

Umo ndi mmene tinalowera m'mudzimo: ng'ombe ziwiri kutsogolo, tcheni, galimoto ya ku Jeremani, ine pa chiwongolero chouma ngati mtengo, makaniko akukankha kumbuyo. Ndinkayembekeza kuti anthu aseka. Palibe anaseka. Amayi amene ankachokera ku manda anapatuka m'njira, ena anayamba kulira, chifukwa kwa iwo amene ankabwerayo anali mwini wake. Tinaiimika pabwalo pomwe inkaima kale, pafupi ndi kanyumba ka chigayo kaja.

Mwambo wa ku manda unali utatha. Wansembe anali atadalitsa mwala, ndipo mayi aja anali atavula zakuda, atavala chitenje cha maluwa achikasu. Abale anakhala pansi pa mitengo, amuna uku, akazi uko. Mphwa uja sanabwere. Mayiwo anadzuka, anapita pa galimoto, anatsegula chitseko cha kumanzere n'kukhala pampando umene ankakhala kale. Anatsegula kabokosi kaja. Munalibe kanthu. Anakhala choncho, dzanja lili m'kabokosi kopanda kanthu.

Fomu ya boma inali pamwamba pa fayelo yanga, malo osaina nditaika kale kamtanda ka pensulo. Pansi pake panali envulopu ija, ndi kapepala kake kolandirira nditakamata ndi pini. Ndinali nditazisunga zaka ziwiri ndi miyezi itatu. Ndinayang'ana dzanja lija m'kabokosi. Ndinachotsa pini, kapepalako ndinakaika m'thumba la jekete, n'kupita kukagwada pa chitseko.

"Amayi, izi ndi zanu. Ndinayenera kukusiyirani tsiku lija."

"Ndisaine pati?"

"Palibe posaina."

Anang'amba envulopuyo. Korona anaiika pamiyendo, magalasi anawapukuta ndi chitenje. Atafika pa kapepala ka m'kope kaja anakawerenga, milomo ikuyenda. Anakawerenganso.

"Ulusi wakuda," anatero. "Ndinawatuma Lachitatu. Anabwera opanda, ndinawakalipira kuti amaiwala zonse. Lachisanu anagwa." Anakapinda kapepalako n'kukalowetsa m'bulauzi. "Moti anali atalemba."

Ndinakhala chogwada, mawondo akuwawa.

"Anthu anatenga chigayo, njinga yamoto, ngakhale nsapato," anatero. "Amene wabweza kanthu ndinu nokha. Mochedwa, koma mwabweza. Mayi a kunyumba ali bwanji? Ndinamva kuti mumafuna kuwapititsa kwawo."

"Anapita okha, pa takisi."

"Ndi mwendo uja?" Anapukusa mutu. "Amuna inu. Bweretsani pepala lanulo. Koma muyambe mwandiwerengera lonse mokweza, anthu awa akumva."

Ndinaimirira pakati pa bwalo n'kuwerenga fomu yonse, mutu wake, manambala a injini ndi chasisi, mpaka timawu ta pansi penipeni. Mwana wawo wamkulu anaiwerenganso yekha. Mkulu wa kuchikazi kwa malemu anati mphwawo analakwa kugulitsa nthawi isanakwane, koma poti galimoto yabwerera pakhomo ndipo maliro atha, iwo alibe mawu. Mayiwo anasaina pa bonati, ndi cholembera changa, atavala magalasi a amuna awo.

Ndinabwerera ku tauni pa minibasi. Galimoto inatsala komweko.

Ku ofesi kuja fomu inalandiridwa, koma anati galimotoyo iyenera kuonedwa ndi woyeza asanasinthe dzina. Ndinawauza kumene ili ndi mmene ilili. Anati ndibwere nayo. Sampu ya mtundu umenewo muno munalibe, ndipo makaniko anachita kuimata yakaleyo, kupita ndi kubwerera ku Chiparamba katatu. Tinaibweretsa itakwezedwa pa lole ya thonje, anaiona manambala ili pamwamba pomwepo, n'kudzaitsitsa pabwalo panga, pansi pa mtengo wa mapeyala uja. Ikalira imatulutsa utsi woyera, ndipo giya yobwerera m'mbuyo yokha ndi imene imalowa bwino.

Alamu anga anamwalira kumayambiriro kwa Novembala, mvula yoyamba isanagwe. Tinapita ku maliro pa takisi, ine ndi mkazi wanga, anthu anayi kumbuyo. Pa Mwami tinatsika n'kuyenda pansi pakati pa mathiraki, iye atakolowola mkono wake m'khosi mwanga, tikupuma pa mthunzi wa thiraki iliyonse. Wa kasitomu uja analipo. Anadinda mapepala athu osatiyang'ana n'komwe.

Waitibuku inatuluka patapita milungu itatu. Ndinafika nayo kunyumba masana, n'kupeza mkazi wanga atakhala pakhonde, mwendo atautambasulira pa kampando. Ndinamupatsa. Anaitsegula, anatsata dzina langa ndi chala, chilembo ndi chilembo.

"Alemba bwino," anatero. "Sanalakwitse paliponse."

Anandibwezera, n'kuloza ku thanki ndi ndodo yake.

"Tsopano poti ndi yanu, abambo, muisunthe. Ndatopa kuizungulira."

Ndinaitana amuna atatu oyandikana nawo nyumba, tinaikankha mpaka kumpanda. Ili pomwepo mpaka lero. Wofuna zitsulo uja ndinamutumira uthenga kuti tsopano ndingathe kugulitsa. Anayankha kuti anapeza kale ina. Waitibuku ili m'thirankhi, pamwamba pa makope khumi ndi asanu ndi anayi aja. Kapepala kolandirira envulopu kalinso momwemo, kosasainidwa. Ndinayesa kukataya kawiri, koma sindinathe.